Usiku wonse thukuta, m'bandakucha kufunafuna chofunda

Mayi wina wa ku Ngabu wanditumizira imelo, ndipo mawu ake ndi awa: "Okutobala uno ndikusowa tulo. Ndimalowa m'nyumba cha m'ma 8 koloko, koma ndimangotembenuzika mpaka pakati pa usiku, thukuta lili kamukamu. Chondidabwitsa n'chakuti cha m'ma 4 koloko m'bandakucha ndimadzidzimuka ndikupapasa chitenje choti ndifunde. Apongozi anga akuti ndi malungo obisala. Abambo a kunyumba akuti ndizisamba madzi ozizira a mumtsuko ndisanagone. Zoona ndi ziti?"

Mayi, mmene mwafotokozeramu, ine ndikuona thupi lomwe likugwira bwino ntchito yake, kungoti nyengo ya kwathu kuno ikulipinga.

Mkati mwa thupi la munthu mumatentha madigiri pafupifupi 37, koma simukhala chimodzimodzi tsiku lonse. Kutenthako kumakwera chakumadzulo, kumayamba kutsika nthawi yogona ikamayandikira, n'kufika pansi penipeni cha m'ma 4 kapena 5 koloko m'mawa. Kusiyana kwake ndi kochepa, digiri imodzi kapena osakwana, koma tulo timadalira kwambiri kutsika kumeneku. Kapitawo wake ndi kachigawo ka ubongo kotchedwa hypothalamus, kakang'ono ngati mtedza. Mdima ukagwa, ubongo umatulutsanso mankhwala achilengedwe otchedwa melatonin, omwe amauza thupi kuti usiku wafika.

Nanga kutenthako kumatulukira kuti? M'manja ndi kumapazi. Timitsempha ta pakhungu la zikhatho ndi mapazi timatseguka, magazi ofunda ochokera mkati amathamangira kumeneko, ndipo mpweya umatenga kutenthako. Aliyense amene anaberekapo mwana kumbuyo amazidziwa izi: khanda likayamba kusinza, timapazi take timafunda. M'chaka cha 1999, Kurt Kräuchi ndi anzake a ku Basel, m'dziko la Switzerland, anafalitsa kafukufuku m'magazini ya Nature wosonyeza kuti anthu amagona msanga manja ndi mapazi awo akafunda chotere. Agogo athu ankangogwira phazi la mdzukulu n'kunena kuti "ameneyu wapita".

Vuto la ku Chigwa cha Shire lili pomwepa. Khungu la munthu limakhala cha m'madigiri 33 mpaka 35, ndipo kuti kutentha kuchoke pamafunika mpweya wozizirirapo kuposa khungulo. Tsono ku Ngabu, Nchalo, Bangula ndi Nsanje, masana a Okutobala ndi Novembala amatha kupyola madigiri 40. Tili pansi kwambiri: mbali yaikulu ya chigwachi siikwana mamita 100 pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe Blantyre ili cha m'mamita 1,000. Amene anatsikapo zitunda za Chikwawa pa minibasi amadziwa mmene mpweya umasinthira asanafike n'komwe pa Thabwa. Njerwa zootcha ndi malata zimamwa dzuwa tsiku lonse, ndipo makoma amalibweza pang'onopang'ono usiku. Inu mukalowa 8 koloko, mwalowa mu uvuni womwe sunazime. Magazi afika kumapazi, koma alibe kokatula katundu wawo.

Thupi limatsala ndi njira imodzi, thukuta. Komatu thukuta limaziziritsa pokhapokha likamauma. Loyenderera pakhosi mpaka kunyowetsa pilo langotayika. N'chifukwa chake masiku amene mvula ikusonkhana, mpweya uli chinyontho chokhachokha, amasautsa kuposa masiku ouma, makamaka kwa okhala m'mbali mwa Shire ndi dambo la Elephant Marsh.

Za m'bandakuchazo, pamakumana zinthu zingapo. Thupi lafika pansi pake paja, mpweya wakunja umazizira kwambiri dzuwa likatsala pang'ono kutuluka, ndipo zovala zanu zidakali zonyowa ndi thukuta la usiku. Chinanso ndi mtundu wa tulo. Timagona m'zigawo za mphindi pafupifupi 90, ndipo chigawo cha maloto, chomwe madokotala amachitcha REM, chimatalika kukamacha. Mu tulo ta malototi kapitawo uja amakhala ngati waika khasu pansi: thukuta limachepa, kunjenjemera kodzitenthetsa nako kumachepa, thupi limangotsatira mpweya wa m'chipinda. Likaona kuti lazizidwa, limakudzutsani kuti mudzifunditse nokha.

Apongozi anu musawatsutse mwachipongwe, malungo kuno si nkhambakamwa. Koma iwo amabwera mwa mtundu wina. Ubongo umakweza muyeso wa kutentha, ndiye munthu amanjenjemera ngakhale masana dzuwa lili pamutu, mutu ukuwawa, m'thupi mukuphwanya, kenako thukuta lambiri kutenthako kukamatsika. Mukaona zimenezi pitani kuchipatala akakubayeni pachala, zotsatira sizitenga n'theka la ola lomwe. Thukuta lonyowetsa zofunda usiku uliwonse, ngakhale nyengo yozizira, pamodzi ndi chifuwa chopitirira masabata awiri kapena kuwonda, n'lofunika kuyezetsa TB. Simunanene zaka zanu, koma amayi amene akuyandikira kusiya msambo amamvanso kutentha kobwera mwadzidzidzi usiku.

Abambo a kunyumba alondola theka. Madzi ozizira kwambiri amatseka timitsempha ta pakhungu tija, moti mumamva bwino kanthawi kochepa kutentha kutatsekeredwa mkati. Madzi ofundira pang'ono, monga otsala mundowa yomwe inali padzuwa, amatitsegula, makamaka mukasamba kutatsala ola limodzi kapena awiri kuti mugone. Ngakhale, kunena zoona, madzi a mumtsuko wa ku Ngabu mu Okutobala sangazizire mpaka kukupwetekani. Chachikulu musadzipukute mpaka kuuma gwa. Siyani madziwo aumire pathupi.

Matiresi a siponji amasunga kutentha kumsana, ndipo miyezi iwiri imeneyi mphasa imawaposa kutali, ngakhale ena amaiona ngati ya amphawi. Imwani madzi okwanira masana, popeza thukuta limachokera m'madzi omwewo. Mowa umagonetsa msanga koma umadula tulo pakati pa usiku, uthenga umenewu mukawapatsire abambo ngati ukuwakhudza.

Chomwe sindigwirizana nacho n'kutaya neti chifukwa cha kutentha. Udzudzu wofalitsa malungo umaluma usiku womwewo. Ngati m'nyumba simukugoneka, tulutsani mphasa pakhonde, neti muimange pomwepo, mapazi akhale osaphimba koma asagunde netiyo. Chitenje chija chipindeni n'kuchiika kumutu, mkati mwa neti, kuti 4 koloko ikakwana mungotambasula dzanja osatukula neti.