Kwa achemwali a zaka 46 amene msambo wawo wasokonekera

Achemwali amene mwafunsa mosatchula dzina, pepani ndi zimene mukukumana nazo, ndipo mwachita bwino kufunsa. Mwati muli ndi zaka 46, ndipo msambo umene kale unkasunga tsiku lake tsopano wasokonekera: mwezi wina unabwera kawiri, kenako unasowa miyezi 3, pobwerera wabwera wambiri, wa magazi oundana. Mwatinso usiku mumadzidzimuka thukuta lili kamukamu, tulo n'kubalalika, ndipo mtima sukuchedwa kupsa. Mukufunsa ngati ndi mimba, matenda, kapena pali wina wakuchitani chipongwe. Ndaona ambiri akukuyankhani kuti "ndi kukula kumeneko, ingopirirani". Akunena zoona mbali imodzi, koma mawu amenewa achedwetsa amayi ambiri kupita kuchipatala, ndiye ndiloleni nditalikitse pang'ono.

Zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi nyengo imene thupi la mayi limakonzekera kusiya kusamba, imene achipatala amati perimenopause. Amayi ambiri amasiya kusamba ali ndi zaka zapakati pa 45 ndi 55, koma msambo suchoka tsiku limodzi. Pamayamba pakhala zaka za chisokonezo, kwa ambiri pafupifupi 4, kwa ena zimafika 8 ngakhale kuposa. Mwana wamkazi amabadwa ndi mazira ake onse, ndipo amanka nachepa pamene iye akukula. Akatsala ochepa, dzira silikhwimanso mwezi uliwonse. Mwezi umene dzira silinatuluke, homoni (timadzi ta m'thupi toyendetsa msambo) ya progesterone imachepa, pamene ya estrogen imangokwera ndi kutsika mopanda dongosolo. Estrogen ndi imene imakhuthalitsa mkati mwa chiberekero, ndipo progesterone ndi imene imachititsa kuti zokhuthalazo zituluke pa nthawi yake. Ndiye mukadumpha miyezi 3 dzira osatuluka, mkatimo mumangokhuthalirakhuthalira, ndipo tsiku lotuluka zimatuluka zonse pakamodzi. Zili ngati mvula ya kumapeto kwa dzinja: imadula masabata awiri anthu n'kumati yatha, kenako imabwera yamphamvu mpaka kukokolola mizere. Timati mayi wasiya kusamba pokhapokha patatha miyezi 12 yotsatizana osaona ngakhale kadontho.

Za mimba musazitaye kutali. Dzira likumatulukabe mwa apo ndi apo, ndipo palibe angakuuzeni kuti lituluka mwezi uti. Amayi ena atengapo pathupi pa zaka ngati zanuzi chifukwa anasiya kulera poganiza kuti zatha. Msambo ukasowa ndipo muli ndi bambo kunyumba, gulani kachipangizo koyezera mimba ku famase kapena kayezetseni kuchipatala. Komanso magazi ambiri oundana obwera pambuyo posowa msambo miyezi ingapo nthawi zina amakhala kuti pathupi papita padera, ndiye ndi bwino kutsimikiza. Langizo la achipatala ndi lakuti mayi amene wasiya kusamba asanakwane zaka 50 apitirize kulera kwa zaka 2 kuchokera pa msambo womaliza, ndipo amene wasiya atapitirira 50 apitirize kwa chaka chimodzi. Amene ali pa jakisoni wa Depo kapena kachipangizo kapamkono adziwe kuti njira zimenezi pazokha zimasokoneza kapena kuimitsa msambo, choncho kusowa kwa msambo sikungawauze ngati afika kapena ayi. Akambirane ndi anamwino a kolera, makamaka akamayandikira 50, chifukwa Depo amafooketsako mafupa ndipo pa msinkhu umenewu nthawi zambiri amalangiza kusintha njira.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, inu ndi ena onse amene akuwerenga mwakachetechete. Si magazi onse obwera pa msinkhu uwu amene ali a kusintha kwa thupi. Ngati padi kapena nyanda ikudzadza pa ola lililonse kwa maola angapo, ngati msambo ukupitirira masiku 7, ngati ukubwera pasanathe masabata 3 mobwerezabwereza, ngati mukuona magazi pakati pa mwezi kapena mukangotha kukhala malo amodzi ndi bambo, ngati pali chikazi chonunkha kapena chosakanikirana ndi magazi, pitani kuchipatala sabata yomweyo. Ndipo mayi amene anatha chaka chathunthu osasamba kenako n'kuona magazi, ngakhale ochepa chabe ongothimbiriritsa kabudula wamkati, asanene kuti msambo wabwerera. Msambo subwerera. Nthawi zambiri chimapezeka n'chaching'ono, monga kupyapyala kwa khungu la njira ya abambo, koma magazi amenewa amathanso kukhala chizindikiro choyamba cha khansa ya m'chiberekero kapena ya khomo la chiberekero, ndipo ayenera kuonedwa ndi dokotala. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri pa dziko lonse, ndipo chimandiwawa n'chakuti ambiri amafika kuchipatala mochedwa, atatha miyezi akumwa zitsamba, ena akuloza chala apongozi kapena mkazi mnzawo. Kuyeza kwa VIA, kumene amapaka viniga pa khomo la chiberekero n'kuyang'ana, kumachitika m'zipatala zambiri za boma mwaulere ndiponso ku Banja La Mtsogolo, ndipo sikutenga nthawi. Kwa amene ali ndi HIV n'kofunika koposa, chifukwa bungwe la WHO limati iwowa ali pa chiopsezo cha khansa imeneyi kuwirikiza ka 6 kuposa amene alibe kachilomboka.

Inuyo mwatchula magazi ambiri oundana, ndiye sindingakuuzeni kuti khalani pansi mudikire. Pemphani zinthu zitatu: akuyezeni kuchuluka kwa magazi m'thupi, akuoneni khomo la chiberekero, ndipo ngati n'kotheka akujambuleni sikani. Zotupa za m'chiberekero zotchedwa fibroids n'zofala kwambiri mwa amayi akuda, si khansa, koma zimachulukitsa msambo pa zaka zomwezi ndipo nthawi zambiri zimafota mayi akasiya kusamba. Kutaya magazi mwezi ndi mwezi kumabweretsa chizungulire, befu pokwera kachitunda, mtima kugunda mofulumira ndi kutopa kosatha, ndipo zimenezi anthu amaziikanso m'gulu la "kukula" pomwe ndi kuchepa magazi kumene kumatha ndi mapiritsi a ayironi. Alipo mankhwala ochepetsa msambo wambiri, liliponso lupu la mahomoni limene limachepetsa magazi kwinaku likulera, ngakhale silipezeka paliponse. Pakafunika katswiri wa matenda a amayi, chipatala cha boma lanu chikhoza kukutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Zomba kapena ku Mzuzu.

Thukuta la usiku ndi kutentha kodzidzimutsa kumene kumayambira pachifuwa kukwera kumaso kumachitika chifukwa estrogen ikamatsika, mbali ya ubongo imene imayang'anira kutentha kwa thupi imayamba kutengeka ndi kusintha kochepa chabe. Kumatenga mphindi zochepa, kenako ena amamva kuzizidwa. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa SWAN anapeza kuti kwa amayi ambiri amene zimawavutitsa zimatha zaka pafupifupi 7, ndipo kwa amayi akuda a kumeneko zinkafika pafupifupi 10. Sindikunena izi kuti ndikuopsezeni, koma kuti musadabwe zikapanda kutha chaka chino. Valani za thonje zopepuka, fundani zoti mukhoza kuchotsa mosavuta, ikani madzi akumwa pafupi ndi bedi, ndipo onani ngati tiyi wotentha wa madzulo, khofi, tsabola kapena mowa zikuutsa vutoli. Fodya amalikulitsa. Koma kuno kwathu thukuta la usiku tisamalifulumirire kuti ndi mahomoni: likabwera ndi chifuwa chosatha, kuwonda ndi kusafuna kudya, kayezetseni chifuwa chachikulu, ndipo likabwera ndi kuphwanya m'thupi ndi kutentha kokhalitsa, kayezetseni malungo. Vuto la chithokomiro nalonso limapereka thukuta, mtima kugunda ndi msambo wosokonekera.

Za kupsa mtima musadziweruze kuti mwasanduka munthu woipa. Munthu amene sakugona usiku ndi usiku, mahomoni akusinthasintha, kwinaku akuganiza za fizi, za makolo okalamba ndi za maliro, sangakhale wofatsa ngati kale. Ena amaiwalaiwala, amalowa m'chipinda osakumbuka chimene abwerera, n'kumaopa kuti mutu wayamba kusokonekera, koma kwa ambiri zimabwerera m'malo nyengoyi ikadutsa. Afotokozereni bambo a kunyumba ndi ana aakulu zimene zikuchitika, asamangoti amayi avuta masiku ano. Chisoni chikakhazikika kwa masabata, osafuna kudzuka kapena kuonana ndi anthu, amenewo ndi matenda ofunika thandizo, kanenedwe kuchipatala.

Pali china chimene simunafunse koma chimasokoneza mabanja ambiri mwakachetechete: kuuma kwa njira ya abambo, moti kukhala malo amodzi kumawawa kapena kumasupula. Kutentha thupi kumadzatha, koma kuuma kumeneku nthawi zambiri kumapitirira ngati sikuthandizidwa, ndipo kumabwera limodzi ndi kukodza pafupipafupi ndi matenda a m'chikhodzodzo obwerezabwereza. Mafuta ofewetsa opangidwa ndi madzi amapezeka m'mafamase, ndipo dokotala akhoza kulemba kirimu wa estrogen wopaka komweko. Vaseline amang'ambitsa kondomu, musamaphatikize. Zija amanena ena kuti mayi wosiya kusamba akamagona ndi mwamuna mimba imatupa chifukwa palibe msambo wotsuka m'kati, si zoona. Msambo sutsuka umuna. Mimba imakula pa msinkhu uwu chifukwa mafuta a m'thupi amayamba kusonkhana m'chiuno ndi pamimba, ngakhale kwa amasiye. Koma mimba ikamatupa mosalekeza, kukhuta msanga ndi kuwawa m'munsi, kaonetseni. Ndimadandaula kuti ku chinamwali anamkungwi anatilangiza bwino za kuyamba kwa msambo, mpaka za mchere wa m'ndiwo, koma za kutha kwake palibe anatikhazika pansi, ndipo m'mpata umenewu ndi mmene mumalowa zabodza zotere.

Zizindikiro zikafika polepheretsa ntchito ndi tulo, alipo mankhwala obwezeretsa mahomoni otchedwa HRT, ndipo ndi amene amathandiza kwambiri pa kutentha thupi ndi thukuta. Abale athu a ku Britain ndi ku South Africa amawapeza mosavutirapo, kuno kawirikawiri ndi ku zipatala zolipira ndi kwa akatswiri. Mayi amene chiberekero chake chilipo sayenera kumwa estrogen payekha popanda progesterone, chifukwa payekha amakhuthalitsa mkati mwa chiberekero mpaka kuyambitsa khansa. Amene anadwalapo khansa ya m'mawere, sitiroko kapena kuundana kwa magazi m'mitsempha nthawi zambiri sapatsidwa, ndipo sayambitsidwa pa mayi amene akutaya magazi osadziwika chifukwa chake. Choncho musalandire otsala a mnzanu, ndipo samalani ndi ogulitsa tiyi ndi makapisozi "otsuka chiberekero" pa Facebook ndi WhatsApp.

Estrogen ikachepa mafupa amayamba kufooka ndipo BP ndi shuga zimayandikira, ndiye muziyezetsa ziwirizi ngakhale mukumva bwino. Usipa, matemba ndi bonya zodyedwa ndi minga yake, mkaka, soya, bonongwe ndi chisoso zimathandiza mafupa, kuphatikizapo kuyenda ndawala ndi kugwira ntchito zolimbitsa thupi.

Popita kuchipatala tengani kabuku kanu ka zaumoyo, ndipo lembani pa pepala masiku amene msambo wakhala ukuyamba ndi kutha, mapadi angati pa tsiku lovuta kwambiri, ndi mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale azitsamba. Kwa mayi wopitirira zaka 45 nthawi zambiri sipafunika kuyeza mahomoni m'magazi, chifukwa lero akhoza kukwera mawa n'kutsika, ndiye pepala lanulo limamuuza dokotala zambiri kuposa mayeso odula. Ngati simukuvutika kuyankha pano, tiuzeni njira yolera imene mukugwiritsa ntchito ndi chaka chimene munayezetsa khomo la chiberekero komaliza.