Bokosi lathu linali ndi maloko atatu

Asisi, mwati anthu akuleka kubwera ku banki m'khonde yanu. Musanayambe kufunafuna njira zowakopera kuti abwerere, tsegulani kaye bokosi muwerenge ndalama aliyense akuona. Anthu saleka kubwera popanda chifukwa, amakhala kuti anunkhiza kanthu koma akuopa kulankhula. Ndikulemba izi manja akunjenjemera chifukwa mwandikumbutsa 2023.

Ife pagulu lathu kuno kufupi ndi Kamwendo ku Mchinji tinalipo 24, abambo atatu okha. Lachinayi lililonse pansi pa mango kuseri kwa tchalitchi, sheya K1,000, munthu kugula mpaka masheya asanu, chiwongoladzanja K20 pa K100 iliyonse pamwezi. Wapampando tinasankha bambo, mphwa wa amfumu, ati poti amadziwa kulankhula ndi alendo. Amayi 21 tonse kuombera m'manja, uchitsiru wake! Cha mu Seputembala anthu anayamba kujomba, ife n'kumati ndi yotanganidwa ndi kusosa. Kumeneko n'kuti mkuluyo atapita kwa agogo awiri osunga makiyi n'kuwauza kuti maloko achita dzimbiri, akufuna akawathire mafuta. Anapereka. Kiyi wachitatu anali ndi mlamu wake.

Tsiku logawana linali mu Disembala. Mukukumbukira kuti mu Novembala chaka chimenecho kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, feteleza n'kukwera nthawi yomweyo, ndiye aliyense mtima unali pa bokosi lija. Ine chimanga chinali chitamera kale, ndimangowerengera matumba awiri a Urea ndi fizi ya mwana wa Fomu 3. Tinavala zitenje zofanana, tinapha nkhuku zinayi, mpunga uli pamoto, ana atazungulira. Wapampando sanaoneke, ati wapita ku Chipata abwera masana. Tinadikira mpaka 2 koloko, kenako tinatuma mnyamata kukatenga makiyi kwa akazi ake. M'buku munalembedwa kuti tili ndi pafupifupi K4 miliyoni. Msungichuma atatsegula anangoti "mayo!" n'kukhala pansi. Munali K310,000 ndi mulu wa mapepala omangidwa ndi mphira. Mapepala a ngongole, asisi, m'maina athu. Langa linalipo, K250,000, pansi pake chidindo cha chala. Ine ndinafika Fomu 2, ndimasaina dzina langa ndekha, chala ndinadinda liti? Agogo amodzi a makiyi aja anayamba kulira ngati pamaliro, akuti mwana wanga ndimamuona ngati wobereka ndekha. Wina anagwira msungichuma pakhosi, pomwe mayiyo ankangolemba zomwe wauzidwa. Mpunga uja unapserera palibe anaukumbuka. Ine ndinabwerera kunyumba ndi K12,000 yomangidwa pa chitenje chatsopano chija, bambo a kunyumba anangondiyang'ana n'kutuluka panja osanena kanthu. Bola akanandikalipira.

Mu Febuluwale wapampando uja anatulukira pa njinga yamoto yatsopano, wayamba kabaza pakati pa boma la Mchinji ndi malire a Mwami. Titapita kwa amfumu anati iyi ndi nkhani ya pachibale tisaiulutse, abweza akagulitsa soya. Soya wagulitsidwa kangati kuchokera pamenepo? Ine ndalandirako K40,000 basi. Lamulungu amakhala kutsogolo, ndiye amayambitsanso nyimbo, ndipo tikakumana pachigayo amandifunsa kuti mwadzuka bwanji alamu. Alamu ake ndani!

Ndiye mverani. Makiyi asakhale kwa anthu apachibale, ndiponso asatuluke m'manja mwa osunga ngakhale loko atachita dzimbiri lotani, thyolani mugule lina. Ngongole iperekedwe pamsonkhano, wotengayo aimirire anene yekha kuti ndatenga zakuti. Kumapeto kwa msonkhano ndalama yotsala itchulidwe mokweza, sabata yamawa mufunse anthu awiri kuti tinatseka ndi zingati musanatsegule. Ena amati ikani pa Airtel Money kapena Mpamba, zili bwino, koma ngati PIN ikudziwika ndi munthu mmodzi ndiye bokosi lomwe lija, kungoti lilibe dzimbiri. Pitani ku ofesi ya zachitukuko paboma mupemphe mlangizi azibwera kudzaona mabuku anu, munthu wakunja saopa amfumu anu. Funsaninso za bungwe la COMSIP, amaphunzitsa magulu kusunga ndi kuyendetsa bizinesi, ndipo ngati mumalima mtedza ndi soya lowani kalabu ya NASFAM muzigulitsa pamodzi m'malo mothamangira sikelo za mavenda. Pa wailesi ya Mudzi Wathu pamamveka magulu ena akufotokoza zomwe akuchita, muzimvera.

China, gulu longoponya masheya limatopetsa. Thumba la zadzidzidzi ndilo limagwira anthu, munthu amene munamuthandiza mayendedwe a kuchipatala usiku sachoka. Limani kamunda ka gulu, ngakhale theka la ekala la mtedza, kapena gulani mbuzi zopatsirana. Ndipo muzigawana mu Okutobala, feteleza asanavute, Disembala ndi mochedwa. Za chindapusa cha kuchedwa musaumirire kwambiri, ife K200 yokhayo inathamangitsa amayi awiri amene sanabepo ngakhale tambala, wakuba ankafika nthawi yake sabata iliyonse.

Komabe ndisakunamizeni, malamulo onsewa ife tinali nawo, olembedwa bwinobwino patsamba loyamba la buku. Chofunika n'kudziwa munthu amene ukusunga naye ndalama. Panopa tinayambanso kagulu, tilipo 11, ine, achemwali anga awiri, azilamu ndi anzathu a kwaya. Bokosi lili ndi loko limodzi, kiyi amasunga apongozi anga, ndipo chaka chatha tinagawana bwinobwino osasowa ngakhale K50. Mwamuna sitinalole ndi mmodzi yemwe.