Anabwerako ku Congo ali amoyo, koma usiku sagona

FUNSO

Anamwino, ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Nchalo. Amuna anga anali msilikali ndipo mu 2018 anapita ku DRC kukasungitsa mtendere. Anabwerako opanda ndi bala lomwe, kenaka anapuma ntchito n'kubwerera kuno kumudzi. Koma si munthu uja ndinkamudziwa. Usiku amadzidzimuka akukuwa, thukuta lili kamukamu. Ndi kutentha kwa kunoku ife timagona pakhonde, iwo amadzitsekera m'nyumba, chikwanje chili kunsi kwa mphasa. Akamatentha nzimbe kuesiteti, akangomva kuthetheka kuja amadzigwetsa chafufumimba n'kutikalipira kuti tonse tigone pansi. Ayamba kachasu. Tsiku lina anandikanyanga pakhosi ali m'tulo, atadzidzimuka analira. Apongozi akuti ndi mizimu ya amene anafera kunkhondo, anakawatemetsa mphini koma palibe chasintha. Kuchipatala akukana, akuti iwo si amisala. Nditani? Ndibwerere kwathu kwa Tengani?

Mayi wa ku Nchalo

YANKHO

Mayi, tiyambe ndi chikwanjecho, zinazo pambuyo. Chichoke kuchipinda. Musachite kuwalanda usiku ayi. Kambiranani masana asanalawe mowa, pali nkhoswe kapena mbale wawo amene amamumvera. Kwa panopa muzigona posiyana. Akayamba kubwebweta musawagwedeze kapena kuwagwira paphewa, chifukwa dzanja lanulo m'malotomo ndi la mdani. Imani chapatali, yatsani tochi, aitaneni ndi dzina n'kuwauza kuti, "Muli ku Nchalo, muli kwanu." Mubisenso mankhwala opopera thonje ndi tameki ngati zilipo pakhomopo. Akangonena mawu oti "bola kufa", musadikire kuti kuche kawiri, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Bambowo akunena zoona, si amisala. Zimene mwafotokozazi madokotala amazitcha PTSD, matenda amene amagwira munthu yemwe anaona zoopsa zoti akanafa nazo. Ine ndagwira unamwino m'chigwa chino nthawi yaitali ndipo matendawa sindinayambire kuwaona kwa asilikali. Ndinawaona kwa amene anathawira ku Nsanje nkhondo ya ku Mozambique itavuta m'ma 1980, ndipo ndawaonanso kwa anthu a ku Makhanga amene anagonera m'mitengo madzi atasefukira mu 2015 ndi pa namondwe wa Freddy mu 2023. Alipo amayi amene mpaka lero mvula ikangoyamba kuwaza pamalata amanyamula ana n'kuima pakhomo.

Chaka chimene amuna anu anapitacho sichinali chamasewera. Mu November 2018 asilikali athu asanu ndi mmodzi anaphedwa kufupi ndi tauni ya Beni ku DRC polimbana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, anafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania, ndipo United Nations inamupatsa mendulo yaulemu mu 2019. Mu January 2025 enanso atatu anafa pankhondo ndi zigawenga za M23. Amene anabwerako amoyo anabwera ndi zimene maso awo anaona. Kunkhalango kuja thupi linaphunzira kuti ukagona tulo tofa nato kapena kuchedwa kugwa pansi mfuti ikalira, wapita. Nkhondo inatha, koma thupilo lili ngati mlonda amene sanauzidwe kuti kwacha. N'chifukwa chake nzimbe zikamathetheka, kapena ana akaphulitsa makombola pa Khrisimasi, mtima umathamanga iwo asanaganize n'komwe.

Za mizimuzo, musakangane nazo ndi apongozi, simupambana ndipo mudzawafuna mawa. Mapemphero apitirire ngati amawatonthoza. Chokhacho, mphini zayesedwa, tsopano nachonso chipatala chipatsidwe mpata. Chimene ndimadana nacho ine ndi funso lija la anzawo a pamowa lakuti, "Munapha angati?" Asilikali ambiri chimawadya mumtima n'choti mnzawo anatsala komweko iwo n'kubwera. Inunso musawaumirize kufotokoza. Akayamba okha, mvetserani, osadula mawu.

Thandizo lilipo, ndipo si lakutali. Pa chipatala cha boma cha Chikwawa, ngakhalenso cha Nsanje, funsani namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Akaona kuti pakufunika akatswiri amatumiza ku Queens ku Blantyre kapena ku Zomba Mental Hospital; St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu nawonso amathandiza za maganizo ndi za uchidakwa. Anthu akangomva Zomba amaganiza zomangidwa ndi kugonekedwa, chonsecho odwala PTSD ambiri amathandizidwa akuchokera kunyumba.

Mankhwala enieni a matendawa ndi kukambirana ndi mlangizi amene anaphunzira ntchitoyi. Si macheza wamba. Amamuphunzitsa munthu kupuma modekha mtima ukayamba kugunda, kenaka pang'onopang'ono amabwerera naye ku tsiku loopsalo, kulifotokoza mobwerezabwereza ali pamalo otetezeka, mpaka ubongo uvomere kuti zinachitika kale, sizikuchitika lero. Kawirikawiri amakumana maulendo 8 mpaka 12. Masabata oyamba amawawa, ena maloto amayamba achuluka kaye, ndipo apa m'pamene ambiri amathawira. Muwalimbitse mtima. Dokotala akhozanso kupereka mapiritsi monga fluoxetine kapena amitriptyline. Amenewa satha ululu lero ndi lero ngati panado, amatenga masabata anayi kapena asanu ndi limodzi kuti munthu aone kusintha. Akapatsidwa amitriptyline muzisunga ndinu, chifukwa kumwa ambiri nthawi imodzi kumapha. Musawagulire diazepam kwa ogulitsa mwamseri. Amagonetsa usiku umodzi koma munthu amazolowera ndipo matenda amakhalapobe.

Kachasuyo akumwera kuti agone, koma mowa ndi umene umadula tulo pakati pa usiku n'kukulitsa maloto. Ngati akumwa tsiku lililonse asasiye mwadzidzidzi paokha, angayambe kunjenjemera ndi kukomoka. Mukanene zoona za mowawo kwa dokotala, osachepetsa mabotolo.

Nanga afika bwanji kuchipatalako poti akukana? Msilikali samva za mkazi kapena za namwino ngati mmene amamvera msilikali mnzake. Funani mmodzi amene anali naye ku Congo, kapena m'busa wa asilikali wa kubalaki kumene ankagwira ntchito, kapena a bungwe la asilikali opuma la VELOM, kuti awalankhule ndi kuwaperekeza. Khomo lolowera likhale kusowa tulo, pakuti zimenezo sangakane. Akakanabe, pitani nokha kaye mukafotokoze, inunso mwatopa ndipo mukufunika wokumverani.

Za kwa Tengani: akakumenyani ali maso, kapena akaopseza ana, tengani anawo mupite ndipo mukanene ku Victim Support Unit ya polisi. Kudwala si chilolezo chomenyera mkazi. Koma ngati zimene zachitika ndi za m'tulo zokhazo ndipo avomera kuti chikwanje chituluke, nkhani yothetsa banja iyembekeze kaye aonane ndi dokotala. Mundilemberenso ikatha miyezi itatu, mundiuze ngati ayamba kugona pakhonde.