N'chifukwa chiyani banga loyera limakonda pamphumi ndi kumiyendo?

FUNSO: Ndimaweta ng'ombe, mbuzi ndi agalu. Chimene chandizunguza mutu n'chakuti chiweto chikakhala ndi banga loyera, nthawi zambiri limakhala pamphumi, pachifuwa, kumiyendo kapena kunsonga ya mchira. Amphakanso ndi chimodzimodzi. Nyamazi n'zosiyana, nanga mawanga ake afanana bwanji? (Woweta wachidwi)

YANKHO: Diso lanu ndi lakuthwa anzanga, ndipo funso lanu landikondweretsa kwambiri. Choyamba mudziwe kuti ubweya woyerawo ndi ubweya umene sunalandire utoto uliwonse.

Nkhani yonse imayambira m'mimba, mwana akadali mluza. Maselo opanga utoto wa khungu ndi ubweya amayambira m'mbali mwa msana. Kuchokera pamenepo amafalikira uku akuchulukana, kutsikira m'nthiti, kulowera kumimba, kumutu ndi kumiyendo. Mphumi, chifuwa, mapazi ndi nsonga ya mchira ndi malo amene maselowa amafikako pomalizira. Zili ngati kudzala munda waukulu ndi mbewu yochepa: kumene mwayambira kumamera bwino, kumapeto kumatsala poyera. Mu 2016, ofufuza a ku mayunivesite a Edinburgh ndi Bath ku Britain anaona pa mbewa kuti maselowa amayenda ndithu, koma amachedwa kuchulukana, moti khungu limakula iwo asanakwanire ponse.

Ng'ombe, mbuzi, galu ndi mphaka, zonse zimaumbika m'njira imeneyi. Kachidutswa ka DNA (malangizo a chibadwa amene ali m'maselo) kotchedwa KIT kakasintha pang'ono kamabweretsa mawanga oyera pa ng'ombe, mahatchi, nkhumba, amphaka ndi mbewa. Pa agalu kamene kamachititsa kawirikawiri ndi kena, kotchedwa MITF. Nafenso anthu tilimo. Alipo amene amabadwa ndi tsitsi loyera pamwamba pa mphumi komanso banga pachifuwa kapena pamimba, chifukwa cha KIT yemweyo. Ndi chibadwa basi, sichipatsirana, ndipo n'chosiyana ndi chialubino, pomwe maselo a utotowo amakhalapo koma sapanga utoto wokwanira.

Mwina mwaonanso kuti nyama zakutchire sizikhala ndi mawanga otere kawirikawiri. Kutchire banga loyera limaulula nyama kwa adani ake, pamene pakhomo mwini wake amaiteteza, nthawi zina n'kuikonda koposa zinzake, ndiye imaswana. Mu 1959 katswiri wa ku Russia, Dmitri Belyaev, anayamba kuweta nkhandwe ku Novosibirsk, akusankha zofatsa zokhazokha kuti ziziswana. Patapita mibadwo ingapo, zina zinayamba kubadwa ndi kabanga koyera pamphumi.

Tsopano pali mbali imene ine imandikhudza mtima, ndipo ndikupemphani muisamale. Maselo a utoto omwewa amafunikanso mkatikati mwa khutu kuti nyama izimva. Akalephera kufika kumeneko, nyama imabadwa yogontha khutu limodzi kapena onse awiri. Izi zimachitika kwambiri pa agalu a mtundu wa Dalmatian ndi amphaka oyera mbee a maso a buluu. Zimandiwawa kuona galu wotere akukwapulidwa kuti ndi wamwano pamene iye sakumva n'komwe. Ngati muli ndi kagalu koyera kwambiri kumutu, ombani m'manja kumbuyo kwake kasakukuonani, muone ngati katembenuke kapena kugwedeza makutu. Kakapezeka kogontha, kaphunzitseni ndi zizindikiro za manja, kasamayandikire msewu, ndipo musakalole kuswana.

Ng'ombe za nkhope yoyera, monga za mtundu wa Hereford, nazo muziziyang'ana m'maso pafupipafupi. Khungu lopanda utoto lozungulira diso limapsa ndi dzuwa ndipo lingayambe khansa, choncho mukaona kachilonda kapena kotupa kosapola pachikope, itanani dokotala wa ziweto msanga.