Funsani Malume: Mwana wanga wakopeka ndi mpikisano wapafumbi

FUNSO: Malume, kuno kwathu cha kunjira ya ku Chadiza kuli malo pamene anakumba dothi lokonzera msewu kalekale, ndiye anyamata anapasandutsa bwalo lothamangitsira mahonda Sande iliyonse masana. Apongozi anga amati zinayamba ndi njinga zakapalasa iwo ali mnyamata, wopambana amapatsidwa nkhuku. Lero mwana wanga wazaka 19 akufuna kulowa nawo, ine mtima uli m'mwamba. Kodi amenewa ndi masewera enieni kapena ndi chibwana chabe? Ndimuletse?
Mai wodandaula, Chipata

YANKHO: Mai, apongozi anuwo akunena zoona ndithu ndipo mukhale nawo pansi akufotokozereni zonse, chifukwa mbiri ya mabwalo ngati amenewa siinalembedwe, imakhala m'mitu ya akuluakulu basi. Chipata ndi tauni ya njinga kuyambira kale, mpaka fakitale ya njinga ya Luangwa Industries inali konkuno, ndiye pamene pali njinga ziwiri ndi anyamata awiri mpikisano sulephera. Mahonda angobwera kudzalowa m'njira imene njinga zinalambula.

Masewera enieni? Eya. Kuthamangitsa pafumbi ndi kumene Africa amadziwika nako. Mpikisano wa magalimoto wa Safari Rally unayamba mu 1953 m'misewu yafumbi ya Kenya, Uganda ndi Tanganyika, ndipo mpaka lero amati ndi umodzi mwa mipikisano yovuta kwambiri padziko lonse. Kwathu kuno a Satwant Singh anatenga chikho cha Africa yonse ka 8, koyamba mu 1988 komaliza mu 2000, a Muna Singh anatenga mu 2004 ndi 2005, ndipo mu 2022 anali a Leroy Gomes, owawerengera njira pambali ali akazi awo. Amenewo ndi amagalimoto inde, koma dothi ndi lomwelo.

Ine ndaimapo pamabwalo otere kambirimbiri ndipo chimene ndimakonda nchakuti bwalo lafumbi limasintha khalidwe ngati munthu. M'mawa dothi lili logwirana, pofika 15 koloko matayala alitakasa lasanduka ufa, pakona pakumbika mzere wakuti tayala likalowamo silituluka mpaka mzerewo utathe. Mwezi wa Okutobala fumbi limakwera lofiira lakuti wachitatu saona wachiwiri, amangotsata phokoso la injini, maso ali psuu, mano akuchita gedegede ndi mchenga. Ikangogwa mvula yoyamba katondo uja amaterera ngati sopo ndipo amene anali katswiri mwezi wathawu ndi amene amayamba kugwa chifukwa anazolowera sipidi ya chilimwe. Pafumbi wopambana si wothamanga kwambiri ayi, ndi amene amadziwa kulola tayala lakumbuyo kutsetsereka pang'ono osachita mantha, osagwira buleki yakutsogolo mwadzidzidzi ali pakati pa kona. Akagwira chabe, pansi.

Tsono za kumuletsa. Ine ndikuti musamuletse, ndipo ndikunena izi mtima ukuwawa chifukwa ndaonapo anyamata akupikisana pa Great East Road pakati pa mathiraki opita ku Mwami, kumeneko ukagwa sudzukanso. Mnyamata wazaka 19 mukamutsekera bwalo adzapita kutala inu osadziwa. Bola pafumbi pamene onse alunjika mbali imodzi ndipo palibe basi yobwera kutsogolo.

Koma mumuuze mawu awa, ndipo atate ake akhalepo. Helemeti yophimba chibwano, yomanga lamba, osati chisoti cha kumigodi chongoika pamutu. Nsapato zofika kuakakolo, osati mapatapata. Mowa ayi, ngakhale kapu imodzi. Ndipo honda imene amadyerapo ponyamula anthu mkati mwa sabata asaiike pampikisano ngati ili yangongole kapena ya mwini wake wina, zimenezo zadanitsa mabanja.

Chimene chimandiopsa kwambiri pamabwalo athu si okwerawo, ndi oonerera. Ana amakonda kuima kunja kwa kona penipeni pamene honda imathera ikalephera kukhota, ena mpaka kukhala pansi ndi nzimbe zawo. Pitani Sande ikubwerayi mukaone nokha, mutenge amai anzanu awiri atatu, mukalankhule ndi anduna kapena amfumu kuti pamakona pamangidwe chingwe patali ndithu ndi matayala akale, miyala itoledwe Loweruka, mbuzi ndi ng'ombe zisamadutse nthawi imeneyo, komanso pakhale galimoto imodzi yoima chire yoti ithamangire kuchipatala. Ngati pali chitsime pafupi, madilamu awiri amadzi othira pamakona amachepetsa fumbi kwambiri. Anyamatawo akafuna zopita patsogolo afunse a Zambia Motor Sport Association za malamulo ake.

Mukapita mundilemberenso mai, ndipo mufunse apongoziwo kuti nkhuku yoyamba ija anaidya ndani.