Kodi netiweki ingadzichiritse yokha?

FUNSO: Mwana wanga akuphunzira za makompyuta. Akuti masiku ano netiweki ikawonongeka imadzikonza yokha, munthu osaigwira. Nanga bwanji chaka china WhatsApp inazima madzulo onse? Mayi wa ku Balaka.

YANKHO: Mayi, mwana wanu sakunama, koma inunso mwafunsa pabwino.

Maganizo amenewa anatchuka mu 2001, pamene Paul Horn wa kampani ya IBM anachenjeza kuti makompyuta achulukitsa ndipo akuvuta moti anthu sadzathanso kuwasamalira. Anatengera chitsanzo pa thupi lathu: mtima umagunda, kukatentha thukuta limatuluka, mwiniwake osalamula. Makinanso, iye anati, azidziyang'anira choncho. Aziona vuto, aganize chochita, achite, kenako ayang'anenso ngati zatheka.

Zina zimachitikadi, ndipo ine ndimaziona pantchito. Makina olondolera mauthenga, omwe timawatcha marauta, akamagwiritsa ntchito njira yolankhulirana yotchedwa OSPF amapatsana moni pa masekondi 10 aliwonse. Mnzawo akakhala chete masekondi 40, amadziwa kuti uko kwatsekeka, basi mauthenga ayamba kudzera kwina. Zili ngati dalaivala wa minibasi amene wapeza mlatho utakokoloka: sadikira bwana wake, amangolambalala. Inu pafoni simudziwa n'komwe.

Tsono za tsiku mukunenalo. Linali 4 October 2021, ndipo ndikukumbukira anzanga akundiimbira, ena akuganiza kuti bandulo yawathera. Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima pafupifupi maola 6. Malinga ndi zomwe kampani ya Facebook, mwini wa zitatuzi, inafotokoza, akatswiri ake akukonza zinthu anatumiza lamulo ku makina lomwe linadula kulumikizana kwa malo awo osungira makompyuta, ndipo pulogalamu yomwe inayenera kulikana lamulolo inali ndi vuto. Chomwe chimandikhudza ine n'chotsatira. Makina awo a DNS, omwe amauza foni yanu komwe WhatsApp ili, anapangidwa kuti akalephera kulumikizana ndi malo osungira makompyuta aja azidziona ngati odwala n'kudzichotsa okha pa intaneti. Cholinga chinali chabwino, kuti mmodzi akadwala ena apitirize. Koma tsikulo onse anadziona odwala nthawi imodzi, onse n'kuchoka.

Zida zokonzera vutolo ali patali nazonso zinali zitazima. Akatswiri anachita kunyamuka kupita komwe kuli makinawo, kudutsa zitseko zachitetezo chokhwima, n'kukawadzutsa ndi manja.