Funsani Azakhali: Foni ndiyo imandiyankhulira koma anthu sadikira

Azakhali,

Ndine bambo wa zaka 44, ndimakhala ku Chilomoni ndipo ndimakonza mafiriji. Chaka chatha anandipeza ndi khansa ya pakhosi ndiye madokotala anachotsa kholingo, moti pano mawu ndilibe, ndimapumira pa kabowo ka pakhosi. Makutu ali bwinobwino, mutu uli bwinobwino, ndimamva chilichonse olo miseche ya anthu a mpando wakumbuyo mu minibasi. Mwana wanga wamkazi anandiikira pulogalamu pa foni yoti ndikatayipa mawu foniyo imawayankhula mokweza, ndipo kunyumba ikutithandiza kwambiri, koma ndikangotuluka pageti mavuto amayamba. Kondakitala amandifunsa kotsikira, ndisanamalize kutayipa wayamba kale kukalipa kuti madala siyani WhatsApp tiyankheni. Kumsika wa Limbe amandikuwira m'khutu ngati ndine wosamva, ena amangofunsa mayi akunyumba kuti "abambowa akufuna chiyani" ine ndili pomwepo. Mawu a mufonimo ndi a mzungu, Chichewa amachipotoza mpaka ana amaseka. Pa maliro a mnzanga ku Ndirande ndinatulutsa foni kuti ndipepese anamfedwa, mayi wina anandiyang'ana ngati ndaba, amvekere pa maliro pano mukuseweretsa foni. Chomwe chandipweteka zedi nchakuti mwana wa mchemwali wanga akukwatiwa, malume wamkulu ndine, koma abale agwirizana kumbali kuti pa zokambirana akayankhule mng'ono wanga poti ine ndichedwetsa anthu. Kodi ndingovomera ndizikhala pakhomo basi?

Bambo wa ku Chilomoni


Achimwene,

Ayi musavomere. Ndiyambe ndi nkhani ya ukwatiyo chifukwa ndi imene yandikhudza mtima, zinazo tizikonza pambuyo.

Umalume suli pakhosi. Mwana ameneyu munamunyamula ali wakhanda, mwina fizi ina munamulipirira ndinu, mbiri ya mtundu wanu mumaidziwa ndinu, ndiye zoti abale akambirane kumbali osakuitanani nzolakwika ndipo muwauze kuti zakuwawani, musasunge mumtima. Koma musapite ndi mkwiyo okha, pitani ndi pulani. Zokambirana za ukwati kuno kwathu zimadziwika kale mayendedwe ake, kulonjerana, kufotokoza kuti ife ndife ayani, mwanayu ndi wa ndani, mafunso ofunsa a kuchimuna, malangizo kwa anawo. Zonsezi mutha kuzitayipa usiku muli phee pakhomo, nkuzisunga mufoni chiganizo chimodzi chimodzi, tsikulo nkumangodina. Mng'ono wanuyo asakulandeni mpando, akhale pambali panu, ntchito yake ikhale kuuza anthu poyambirira kuti akuluwa ayankhula kudzera pa foni ndiye tikawaona akutayipa tidikire, komanso kubwereza mawu ngati agogo ena sanamve. Ndipo abale, ndi liti pomwe zokambirana za ukwati zinathamangapo? Timakhala pamkeka maola atatu kudikira munthu mmodzi amene wachedwa ndi minibasi ya ku Machinjiri, ndiye tilephere kudikira mphindi imodzi kuti malume amalize chiganizo?

Mwina munamvapo za Stephen Hawking, katswiri wa sayansi ya zakuthambo wa ku England uja ankayenda pa njinga ya olumala. Iyeyu mawu anamuthera mu 1985 atadwala chibayo nkuchitidwa opaleshoni ya pakhosi, ndipo kuchokera pamenepo mpaka kumwalira kwake mu 2018 ankayankhula ndi kompyuta. Poyamba ankakwanitsa mawu pafupifupi 15 okha pa mphindi, kenako matenda atakula liwiro linatsikanso kwambiri chifukwa anafika pomaiyendetsa kompyutayo ndi mnofu wa patsaya. Akamakayankhula pagulu ankakonzeratu zonse, pa tsikulo nkumazitulutsa chiganizo chimodzi chimodzi, ndendende zomwe ndikukuuzanizi, ndipo ikafika nthawi ya mafunso maholo odzaza ndi anthu ophunzira ankakhala chete kumudikira. Chinanso, mawu a makina akewo ankamveka ngati a munthu wa ku America pomwe iye anali Mngelezi, koma anakana kuwasintha chifukwa anthu anali atawazolowera kuti ndi ake.

Tsono za mawu a mzunguwo. Chimene chimachitika nchakuti foni ikuwerenga Chichewa ndi malamulo a Chingerezi, pomwe mu Chingerezi chilembo chimodzi chimatchulidwa mosiyanasiyana, pamene ife a, e, i, o, u wathu sasintha. Muuzeni mwana wanuyo alowe ku ma settings a foni komwe amasankha chiyankhulo cha mawu owerengawo, ngati pali Chiswahili asankhe chimenecho, chifukwa mavawelo ake ndi asanu ngati athu ndipo chimakoka mawu chakumapeto ngati mmene timachitira ife. Sichikhala Chichewa cha kumudzi ayi, ph wathu nthawi zina azipunthwa, koma chimamveka kusiyana ndi mzungu uja. Ngati Chiswahili palibe yesani Chisipanishi. Mawu ena amene akukanikabe muziwalemba mmene foniyo ingawatchulire bwino osati mmene anatiphunzitsira kusukulu, palibe amene akukuchongani. Achepetsenso liwiro pang'ono, ambiri amaiwala zimenezi.

Koma pa mawu amene mumawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku pali njira ina yomwe ine ndimaikonda kwambiri. Mupezeni munthu wamwamuna wa mawu ofanana ndi amene munali nawo, kawirikawiri amakhala m'bale wanu yemwe, mng'ono wanu yemweyo, mukhale naye pansi tsiku limodzi ajambule mawu ake pa foni: mwadzuka bwanji, ndadzuka bwino kaya inu, kunyumba kuli bwanji, zikomo kwambiri, pepani ndi zovutazi, nditsika pa Ginnery Corner, nditsika pa Kamba, ndi zingati, mwadulitsa chotserani, chenji changa. Moni wathu ndi wautali ndipo amabwera mothamanga, munthu akakupatsa moni iwe nkuyamba kutayipa amaona ngati wamunyoza, pomwe ukangodina kamodzi mawu a munthu weniweni nkutuluka nkhope yake imamasuka nthawi yomweyo. Ndipo mng'ono wanu akakhala kuti wabwereka mawu ake kwa inu, nkhani ya ukwati ija idzamuvuta kuti akukankhireni kumbali.

Mawu oyamba kuwajambula akhale awa: "Ndimamva bwinobwino, sinditha kuyankhula, ndimayankhula ndi foniyi, chonde dikirani pang'ono." Muwalembenso ndi zilembo zikuluzikulu pa kakhadi, mukapange lamineti ku ma stationery a ku Limbe kapena mu Blantyre mutauni, kakhale mthumba la malaya. Anthu ambiri amene amakukuwiraniwo si nkhanza, sanaonepo, kwathu kuno tinazolowera kuti wosayankhula amakhalanso wosamva. Mayi a pa maliro aja akanaona kakhadi kameneka akanachita manyazi okha. Ndipo pa maliro kapena mu tchalitchi foni muziitsitsa mawu, mugwireni dzanja namfedwayo kaye ngati mmene tonse timachitira, kenako mumuonetse zomwe mwalemba awerenge yekha, ngati satha kuwerenga muyandikitse foniyo kukhutu kwake.

Kuseri kwa kakhadiko mulembe chinthu china chofunika kwambiri, chakuti mumapumira pa kabowo ka pakhosi osati pamphuno kapena pakamwa, ndi nambala ya mayi akunyumba. Mutakomoka panjira anthu ofuna kukuthandizani akhoza kukutsekani pakhosi ndi nsalu kapena kukuthirani madzi osadziwa kuti mpweya wanu umadutsa pomwepo.

Mu minibasi musadikire kufunsidwa, muonetseni kondakitala kotsikira mukamakwera, ndipo pa phokoso la pa Wenela kapena mu depoti ya Limbe sipika ya foni siimveka olo mutaikweza mpaka pamapeto, pamenepo zilembo zikuluzikulu pa sikirini ndi zomwe zimagwira ntchito. Kasipika kakang'ono ka Bluetooth kokoloweka pa lamba kadzakuthandizani pa zokambirana za pamkeka zija. Pawabanki musamasiyane nayo poti magetsi akathima tsiku lonse batire ikatha ndiye kuti pakamwa panu patsekedwa, ndipo kabuku ndi cholembera zizikhala mchikwama nthawi zonse. Muonetsetsenso kuti pulogalamuyo imagwira popanda intaneti, bandulo isamakulamulireni nthawi yoyankhula.

Mayi akunyumba ali ndi mbali yawo yaikulu. Munthu akawafunsa kuti abambowa akufuna chiyani, asamayankhe, azingoti "afunseni eni ake, akumva." Ndikudziwa amakuyankhirani chifukwa cha chikondi, safuna muvutike, koma akamatero anthu amaphunzira kuti njira yachidule ndi kukudumphani. Mukhale nawo pansi muwauze mofatsa.

Ku banki, kuchipatala kapena mu ofesi ya boma musamadzione ngati mukupempha chifundo. Dziko la Malawi linavomereza mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, ndipo panganoli limanena poyera kuti kulankhulana si kwa pakamwa pokha, kumaphatikizapo kulemba, chinenero chamanja komanso zipangizo ngati foni yanuyo. Wina akakana kukuthandizani chifukwa choti mukutayipa, bungwe la FEDOMA lomwe limasonkhanitsa mabungwe a anthu olumala lili mu Blantyre momwemuno, kawaoneni. Komanso mukapita ku sikelo yanu ku Queens, ku chigawo cha makutu, mphuno ndi pakhosi, kafunseni za njira zina zoyankhulira munthu akachotsedwa kholingo. Pali kachipangizo kogunditsa pakhosi komwe kamanjenjemera inu nkumapanga mawu ndi milomo, palinso ena amene amaphunzira kutulutsa mawu ndi mpweya wochokera kummero. Sizitheka kwa aliyense koma kufunsa nkwabwino.

Ndipo ku bawo kapena kokaonera mpira wa Bullets ndi Wanderers muzipitabe. Nthabwala zikamathamanga inu tayipani yanu, ikatuluka mochedwa ituluke basi, anzanu enieni adzazolowera kuti mukakweza dzanja ndiye kuti mawu akubwera.


Azakhali,

Mnzanga wa ku kwaya ku Bangwe anadwala sitiroko, pano lilime limalemera ndiye amatayipa pa tabuleti ndi dzanja limodzi. Ine ndikaona akuvutika ndimasuzumira nkumumalizira mawu kuti ndimupeputse, koma sabata yatha anakwiya nkutembenuza tabuletiyo. Ndalakwa chani?

Mayi wa ku Bangwe


Achemwali,

Mtima wanu ndi wabwino koma mwamulanda mawu mkamwa. Tangoganizani muli mkati moyankhula wina nkumakudulani ndi zomwe iye akuganiza kuti mukufuna kunena, ndipo theka la nthawi akuphonya, ndiye mnzanuyo amayenera kufufuta maganizo anu kaye asanapitirize ake, ntchito kawiri ndi dzanja limodzi lomwelo. Kusuzumira pa sikirini asanamalize nakonso sikwabwino, mwina akufuna asinthe zomwe walemba. Pitani mukamupepese ndipo mukamufunse yekha kuti amafuna muzitani, ena amalola kumalizidwira akatopa madzulo, ena safuna olo pang'ono. Akamatayipa inu khalani chete, musayambe nkhani ina ndi munthu wapambali, ndipo funso likhale limodzi, ayankhe kaye musanaponye lina. Lamlungu likubwerali mukamutenge mupite naye ku kwaya, akakhale pa mzere wake womwe uja wa ma alto.